Nsanja Yachiwiri

Chaka choyamba paphiri

Tamanda ndi Limbani, mutu uno ndaulemba katatu n'kuung'amba katatu, chifukwa ndikafika pakati ukali umandigwira. Ulendo uno ndiusiya mmene utulukire. Inu mumandidziwa ngati bambo wa mahedifoni, wokutumizirani malinki pa foni m'mawa musanasukusule n'komwe. Ndikufuna mudziwe kumene khalidweli linachokera, ndiponso tsiku limene linandichititsa manyazi.

Za ubwana wanga palibe zambiri. Makolo anga sindinawaone. Anandilera anganga ku Malosa, ndipo chachikulu chimene anandiphunzitsa ndi kutseka pakamwa. Ankati mwana wopanda bambo akayankha akuluakulu palibe womuikira kumbuyo. Sankanena mwankhanza, ankangondiopera. Ndinawamvera, ndipo ndinamvera mopitirira. Nditalemba mayeso a Fomu 2 ndinapeza ntchito ku kampani ina yosamala mitengo ya paini pa phiri la Zomba, imene dzina lake sindilitchula. Kapitawo atandifunsa mafunso atatu n'kumva mayankho atatu a liwu limodzi limodzi, anati, "Uyu salankhula. Mpatseni nsanja."

Nsanja inali kanyumba ka malata pamwamba pa mizati yachitsulo. M'katimo munali mpando, kampasi yokhomera pa thabwa, magalasi oonera patali amene diso limodzi linali losweka, ndi wailesi yolankhulirana imene tinkaitcha ovaova. Ntchito inali kuyang'ana utsi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, miyezi yonse ya chilimwe. Nsanja zinalipo ziwiri. Yanga inali yachiwiri. Pa yoyamba, tsidya lina la chigwa, pankakhala Che Amidu, munthu wamfupi wa kandevu, wondiposa ndi zaka khumi.

Tsiku langa lachitatu ndinaona utsi ndipo ndinakuwa mu ovaova, "Moto! Moto kumadzulo!" Che Amidu anayankha mosafulumira, ndikumva kuti akutafuna chinangwa. "Achimwene, motowo uli pa nambala yanji?" Ndinawerenga pa kampasi n'kuwauza. "Basi dikirani, nane ndiuone." Patapita kamphindi anaseka. "Amenewo ndi amayi a kuseri kwa phiri, akutentha mapesi m'munda mwawo. Mukathamangitsa amuna makumi atatu chifukwa cha mapesi, pobwera adzakutsitsani pamenepo ndi miyala."

Loweruka lake ananditengera ku ofesi n'kundionetsa mapu a nkhalango yonse okhomedwa pakhoma. Pa malo a nsanja iliyonse panali msomali, ndipo pa msomali uliwonse panalendewera chingwe. Mlonda akatchula nambala yake, kalaliki ankakoka chingwe cha nsanja imeneyo kulozera komweko. Chingwe chimodzi chimangokuuza mbali, sichikuuza kutalika kwake. Koma wachiwiri akatchula yake, pamene zingwe ziwirizo zapingasana ndi pamene pali moto. Belu loitanira anthu ozimitsa moto silinkalira zingwe zisanakumane. Ndilo linali lamulo lathu lonse, ndipo linkagwira ntchito ngakhale tinkasowa chilichonse. Mabatire a ovaova tinkawayanika padenga kuti atipatseko ola limodzi lina. Nsapato zinkabwera mwa apo ndi apo, zonse za saizi imodzi. Mu Juni nkhungu ikatseka phiri, Che Amidu ankandiitana, "Nsanja Thu, mukuona chiyani?" Ine n'kuti, "Mphuno yanga." Iwo n'kuti, "Lembani m'buku, ndatsimikiza."

Zaka za a Namakhwa

Ndinali nditagwira zaka zisanu ndi zitatu pamene anatitumizira bwana watsopano, a Namakhwa. Anafika ndi nsapato zonyezimira ndi mawu aakulu. Ife a m'nsanja ankatitcha alonda a mitambo. Pa nsanja yanga sanakwerepo ngakhale kamodzi, ankaima pansi n'kumakuwa ngati akuitana mbuzi. Za zingwe ankati n'zachikale, zongotaya nthawi.

Tsiku lina mu Okutobala akuchokera ku tauni pa galimoto, wogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu anawauza kuti wamva zoti kum'mawa kukuyaka. Wamva, osati waona. A Namakhwa anatola ovaova n'kulamula kuti belu lilire, lole ipite kum'mawa ndi anthu onse. Che Amidu analowererapo. "Bwana, kum'mawa kulibe kanthu. Kautsi kali kumpoto, m'mitengo yaing'ono ija. Nsanja Thu, mukukaona?" Ndinkakaona bwino lomwe, ndipo ndinatchula nambala yanga. A Namakhwa anati, "Kodi bwana pano ndani? Lole ipite kumene ndanena!"

Lole inapita kum'mawa n'kukapeza mphepo yokha. Pamene inkatembenuka, moto wa kumpoto unali utakwera kale m'nthambi. Che Amidu anatsika pa nsanja n'kukalimbana nawo ndi masamba aawisi, iwo ndi amayi anayi amene ankamweta udzu. Amayiwo anawatulutsa amoyo, koma dzanja lamanja la Che Amidu linapsa kuyambira pachigongono mpaka kuzala.

Patatha sabata ziwiri kunabwera akuluakulu atatu a kulikulu kudzafufuza. A Namakhwa anawauza kuti Amidu anasiya nsanja kukapemphera, n'chifukwa chake uthenga unachedwa. Kenako anandiitana ine. Mmodzi wa iwo, wa magalasi, anafunsa mwaulemu, "A Fakisoni, inu munamva chiyani pa ovaova tsiku limenelo?" A Namakhwa anali atakhala pakona akusewera ndi makiyi a galimoto. Tamanda, iwe unali ndi miyezi itatu, ndipo tinkakhala m'nyumba ya kampani. Ndinati, "Mabatire anga anali atatha, bwana. Sindinamve kanthu."

Che Amidu anachotsedwa ntchito. Nsanja yoyamba anaitseka, ndipo ine ndinatsala ndi chingwe chimodzi pa mapu kwa zaka zonse zotsala. Iwo anakakhala ku Mbedza. Tikakumana mumsika ankandipatsa dzanja lamanzere n'kuti, "Nsanja Thu, kuli bwanji kumwambako?" Za tsiku lija sanatchulepo. Akanandilavulira kumaso bwenzi zili bwino.

Nditapuma ntchito

Nditatsika phiri tinamanga kanyumba ka ku Sadzi kano. Iwe Limbani unandigulira foni ya intaneti n'kundiikiramo mapodikasiti, mapulogalamu onga a pa wailesi koma amene umatsitsa n'kumvera nthawi imene wafuna. Unkaganiza kuti ndikonda a maulaliki. Ine ndinakodwa ndi a za luso lamakono. Panali imodzi ya mtsikana ndi mnyamata amene ankakangana sabata iliyonse za mabatire, za magetsi a dzuwa, za mafoni atsopano. Chingerezi chawo chinkathamanga, koma ndinkabweza kumbuyo mpaka nditamva. Ndinkathirira mpiru mahedifoni ali m'makutu, mayi anu n'kumati ndakwatira mitala. Tsiku lina anakamba za makamera amene amaona utsi okha n'kuitana ozimitsa moto. Ndinatukwana mokweza m'dimba, nkhuku zinabalalika. Moyo wanga wonse, kabokosi kokhomera pa mtengo!

Koma tsiku linanso anakamba za zithunzi zabodza. Anafotokoza mmene munthu ungatengere chithunzi n'kuchiika pofufuzira kuti uone kumene chinayambira kuoneka, ndipo anati nkhani usaikhulupirire usanaipeze pamalo awiri osakoperana. Ndinaimika khasu. Ana amenewa, kaya ali dziko liti, ankanena za zingwe ziwiri.

M'dera lathu muli gulu la pa foni la anthu oyandikana nyumba. Mumalengezedwa maliro, za madzi, mbuzi zosowa. Adimini wake, woloza amene alowe ndi amene atuluke, anali a Namakhwa. Nawonso anapuma, anamanga nyumba ya malata obiriwira kumtunda kwathuku, ndipo kutchalitchi kwathu ndi mkulu wa mpingo. Ndinayamba kutumiza malinki m'gulumo: za nyengo, za nyale za dzuwa, za matumba osungira chimanga opanda mankhwala, za akuba oimba foni ngati abale ako. Sindinkatumiza kanthu ndisanakapeze pawiri. Anthu anazindikira, n'kundipatsa dzina loti a Nsanja. Wina akaponya nkhani yoti madzi a mandimu amachiza chilichonse, amayi a kumsika ankalemba, "A Nsanja, izi n'zoona?" Ndikuvomera kuti zinkandikoma. Kwa nthawi yoyamba m'moyo anthu ankandipempha kuti ndilankhule.

Palinso china. Ine ndilibe mbale, ndilibe mudzi woti ungabwere pa lole. Mayi anu atamwalira, gulu limenelo ndi limene linakumba manda, kuphika ndi kunyamula bokosi. Inu munaona. Musaiwale zimenezi powerenga zotsatirazi, ngakhale sizindichotsera mlandu.

Lachinayi lija

Munali mu Okutobala. Lachiwiri moto unayaka m'phiri kumtunda kwa Sadzi n'kusungunula mapaipi apulasitiki otsitsa madzi. Mipope inauma. Amayi ankapita kumtsinje ndi zidebe dzuwa lili pamutu, ndipo aliyense ankafunsa kuti mvula ikadzabwera, dothi la phiri lopanda mitengo lidzatsikira pa nyumba ya yani. Anthu anali ndi ukali wosowa pouika.

Lachinayi sikisi koloko m'mawa a Namakhwa anaponya linki. Inali ya tsamba lopanda dzina la mlembi, mutu wake woti wootcha phiri la Zomba wajambulidwa. Pa chithunzi panali mwamuna wa malaya ofiira atafulatira, chigubu m'manja, kutsogolo kwake mitengo ikuyaka. Pansi pake a Namakhwa analemba: "Uyu si Saidi, mwana wa Amidu uja? Bambo akenso anatitenthera nkhalango."

Saidi ndi mwana woyamba wa Che Amidu, kalipentala. Shedi yake inali m'mbali mwa msewu wa kumsika, ndipo tsiku lililonse ankavala jezi yofiira ya mpira. Zitseko za nyumba ino anapanga ndi iyeyo.

Ndinangoyang'ana kamodzi. Phiri limenelo ndaliyang'ana zaka makumi atatu, ndikudziwa msana wake uliwonse kuposa nkhope yanga. Dothi la pa chithunzipo linali loyera ngati phulusa. Mitengo yake inali ya masamba aafupi oimirira, pamene paini wathu masamba ake amalendewera. Kumbuyo kunali mzere wa mapiri umene kuno kulibe. Ndinachiika pofufuzira monga anandiphunzitsira ana a podikasiti aja, ndipo chinatuluka pa tsamba la dziko lakutali, m'chinenero chimene sindichidziwa, choikidwa zaka zingapo zapitazo. Isanakwane seveni koloko zingwe zanga zonse ziwiri zinali zitakumana.

Ndiye ndinachita chiyani? Ndinaika foni pansi pa pilo n'kupita kukazula udzu m'dimba louma.

Nditabwerako mauthenga anali atasefukira. "Ndi iyeyo, msanawo ndi wake." "Amafuna matabwa aulere." "Anthu amenewa atitopetsa." Ndipo mayi wina wa kumsika, mmodzi wa aja ankandifunsa zoona, analemba: "A Nsanja awerenga koma ali chete. Ndiye kuti n'zoona." Kutseka pakamwa kwanga kunasanduka umboni.

Sindinalembebe m'gulu. Ndinalembera a Namakhwa paokha, mwaulemu, ngati kalata yopempha tchuthi. Anandiimbira nthawi yomweyo.

"A Fakisoni, mwayamba kundiphunzitsa?"

"Ayi bwana. Koma chithunzicho si cha kuno. Ndakutumizirani kumene chachokera."

"Ine sindinati ndi iyeyo. Ndangofunsa funso. Kufunsa n'kulakwa?"

"Anthu sakuwerenga ngati funso. Fufutani, bwana, munene kuti munalakwitsa."

Anaseka. Kuseka komwe kuja kwa pansi pa nsanja. "Tamverani, a Fakisoni. Timawayilesi tanu ta m'makutu tisakupusitseni. Mukandinyozetsa pagulu, mudziwe kuti gululi ndinayambitsa ndine. Inu muli nokha kuno. Tsiku lina mudzafuna anthu."

Anadula. Munthu wa imvi ngati ine, wopuma ntchito, wosadya za munthu, ndinali ndikunenabe kuti bwana. Ndinakhala pa khonde foni ili m'manja, ndikumva mawu a anganga m'mutu. Ndinalemba uthenga n'kufufuta. Ndinalembanso n'kufufutanso. Ndinadziuza kuti anthu angokalipa pa foni basi, pofika madzulo aiwala.

Cha m'ma leveni koloko wina anaponya mawu m'gulu, kumbuyo kukumveka mluzu ndi phokoso: anthu asonkhana pamsika, akupita ku shedi ya Saidi. Apo sindinalembenso. Ndinadina pojambulira mawu, ndipo zimene ndinanena ndikuzikumbukira chifukwa ndazimvanso kambirimbiri.

"Ndine Fakisoni, amene mumanditcha a Nsanja. Chithunzi chimene aponya a Namakhwa n'chabodza. Si phiri lathu, si Saidi, si chaka chino. Linki ya kumene chachokera ndi iyi, tsegulani muone nokha. A Namakhwa ndawauza m'mawa ndipo akana kufufuta. Zoti bambo ake a Saidi anatentha nkhalango nalonso ndi bodza. Ine ndinalipo. Amene anatumiza lole kolakwika ndi a Namakhwa. Che Amidu anapsa dzanja populumutsa anthu, ndipo ine ndinanama pamaso pa ofufuza chifukwa cha mantha. Amene akhudze Saidi akhudza munthu wosalakwa, ndipo ndidzamutchula dzina kulikonse kumene andifunse."

Ndinakwera kabaza nditavala masilipasi. Pofika ndinapeza shedi itagwetsedwa kale. Matabwa anali mbwee mumsewu, madesiki a sukulu amene ankapanga atathyoledwa miyendo. Saidi anali atakhala m'ngalande, jezi itang'ambika, magazi akutuluka m'kamwa ndi m'khutu, manja ataphimba mutu. Anthu anali atamuzungulirabe koma atasiya kumenya, chifukwa mayi wina wogulitsa tomato anali atakweza foni yake m'mwamba, mawu anga akutuluka. Kenako ndinawamva pa foni ina, ndi inanso, osayambira pamodzi, ngati anthu atatu a mawu amodzi akukangana. Foni yotsegula linki yanga ija inkayenda m'manja m'manja. Wina anati, "Eee, zoonadi, zilembo zake si zathu."

Bambo wina wogulitsa nyama, amene ndimagula kwa iye Loweruka lililonse, anali ndi thabwa m'manja. Analiponya pansi n'kundiyang'ana ndi maso ofiira. "Ndiye madala, mumadziwa kuyambira m'mawa? Osanena bwanji?" Ndinafuna kumufunsa kuti iye thabwalo anamugwiritsa ndani, ndipo mpaka lero ndimamufunsa mumtima ndikamadutsa pa benchi yake. Koma funso lakelo linalinso loona.

Saidi tinamukweza pa njinga yamoto kupita naye kuchipatala. Ndili pa benchi yodikirira ndinayang'ana foni. Panali mzere umodzi wonena kuti a Namakhwa andichotsa m'gulu.

Kuchokera pamenepo

Saidi anachoka mano awiri, ndipo khutu lamanzere silimvanso. Shedi sanaimangenso. Anthu omwe aja anachita naye manyazi, ndipo munthu amene ukuchita naye manyazi sumupatsa ntchito. Anasamukira ku Malosa kwa akuchikazi. Amene anayatsa moto sanadziwike. Ndikumva kuti linki ya a Namakhwa ija ikadalipo m'gulu, palibe anaifufuta. Lamulungu lotsatira a Namakhwa anawerenga zolengeza kutchalitchi ndi mawu aakulu omwe aja, ndipo potuluka anatambasula dzanja kuti andipatse moni anthu akuona. Ndinaliyang'ana dzanjalo, losalala, lopanda chipsera ngakhale chimodzi, ndipo ndinadutsa. Akuluakulu a mpingo anabwera kuno kudzandiuza kuti ndinachita mwano ndipo ndikapepese. Ine! Ndinawafunsa ngati apitako kale ku Malosa. Anamwa tiyi wanga n'kumapita.

Anthu ena a m'gulu amandiimitsa mumsewu n'kunong'ona, "A Nsanja, munachita bwino." Amanong'ona. Winanso amanditumizira linki mobisa kuti ndimuonere ngati ili yoona. Ndimamuonera, koma ndimamuuza kuti akaiponye yekha ndi dzina lake.

Patapita sabata ndinapita ku Mbedza. Che Amidu ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango, akalamba, dzanja lija litapinda pachifuwa. Mpongozi wawo anali atawamvetsera kale mawu anga. Ndinakhala pansi, osati pa mpando umene anandipatsa, ndipo ndinayamba kupepesa. Anandidula.

"Nsanja Thu, chithunzicho munachiona nthawi yanji?"

"Sikisi koloko."

"Munatsimikiza nthawi yanji?"

"Isanakwane seveni."

"Belu munaliza nthawi yanji?"

"Leveni."

Anawerenga pa zala za dzanja lamanzere, pang'onopang'ono. "Maola anayi. Khutu la mwana wanga lili m'maola anayi amenewo." Anayang'ana kuphiri kumene kunali kwakuda ndi lupsa. Kenako anati, "Koma ulendo woyamba uja munatenga zaka makumi awiri ndi zisanu. Mukusintha, achimwene." Sanaseke, nanenso sindinaseke. Anaitana mpongozi kuti atibweretsere madzi, ndipo ndinamwa.

Tamanda, unandifunsa pa foni kuti nanga tsiku langa likadzafika adzakumba ndani, popeza m'gulu anandichotsamo. Sindikudziwa. Mudzalembe aganyu. Malinki ndipitiriza kukutumizirani m'mawa, ndipo iliyonse ndimakhala nditaipeza pawiri. Koma zingwe zikakumana, ananu, musakazule udzu m'dimba. Ine ndinali nazo zonse ziwiri m'manja seveni koloko isanakwane, ndipo Saidi ukamulankhula kumanzere satembenuka.